Pampu ya insulin: zimene banja liyenera kudziwa lisanagule, ndiponso amene angalipire

Matenda a shuga a mtundu woyamba sadikira kuti munthu akalambe. Amagwira ana ndi achinyamata pamene kapamba wasiya kupanga insulin, timadzi ta m'thupi timene timatsegulira shuga njira yochoka m'magazi kupita m'minofu. Wodwala wotere amakhala ndi moyo chifukwa cha jakisoni, kawiri kapena kanayi pa tsiku, moyo wake wonse. N'zosadabwitsa tsono kuti banja la ku Kuti kapena ku Senga Bay likamva kwa mbale wa ku Joni kuti kuli kachipangizo kotchedwa pampu, kamene kamalowetsa insulin m'thupi popanda kubaya mwana m'mawa ndi madzulo, mtima umathamangira komweko. Ena angafike poganiza zogulitsa ng'ombe kapena bwato. Asanatero, ndi bwino amvetse kuti mtengo wa pampu suthera pa tsiku logula, ndiponso kuti chipangizochi chimafuna zinthu zina zimene dera la m'mphepete mwa nyanja silikhala nazo nthawi zonse.

Pampu ndi kabokosi kofanana kukula kwake ndi foni ya mabatani, kovala m'chiuno kapena m'thumba. M'kati mwake muli kabotolo ka insulin. Kuchokera pamenepo pamatuluka kapaipi kowonda kokafika pa kachubu kofewa kolowetsedwa pansi pa khungu, kawirikawiri pamimba, ndipo kachubuko amakamata ndi pulasitala. Usana ndi usiku pampu imakankha timadontho ta insulin pang'onopang'ono, monga momwe kapamba wabwino amachitira, ndipo ikakwana nthawi ya chakudya wodwala amadina mabatani kuti ionjezere. Makampani odziwika pa ntchitoyi ndi monga Medtronic ndi Tandem, komanso pali mtundu wa Omnipod umene ulibe paipi, umangomatidwa pathupi. Mapampu atsopano amalumikizana ndi kachipangizo kena kovala pamkono koyeza shuga mosalekeza, ndipo amachepetsa kapena kuonjezera okha insulin malinga ndi zimene kapeza. Ubwino wake ndi weniweni. Kubaya kumachepa, mulingo wa insulin umatha kusinthidwa pang'ono kwambiri kuti ugwirizane ndi thupi la mwana wamng'ono, ndipo kutsika kwa shuga usiku, kumene kumasowetsa tulo makolo ambiri, kumachepa.

Chimene anthu samva msanga ndi ichi: m'pampu mumaikidwa insulin yogwira ntchito mwachangu yokhayokha, imene mphamvu yake imatha m'maola ochepa. Munthu wobaya jakisoni amakhala ndi insulin yokhalitsa imene imamuteteza kwa maola ambiri ngakhale atachedwa kubaya. Wovala pampu alibe chitetezo chimenecho. Kachubu kakapindika, pulasitala akamatuka kapena batire ikatha munthu ali mtulo, thupi limatsala lopanda insulin, ndipo pakangopita maola angapo magazi amayamba kudzaza ndi asidi. Wodwala amamva ludzu losatha, amasanza, m'mimba mumapweteka, amapuma mozama ndi mofulumira, ndipo akapanda kuthandizidwa amakomoka. Vutoli limapha. Kwa munthu wokhala pafupi ndi chipatala chachikulu ndi ngozi yopeweka. Kwa banja limene lingayambe kufunafuna kabaza pakati pa usiku, m'nyengo ya dzinja msewu wadothi utadzaza matope, kuti likafike ku chipatala cha boma cha Salima, nkhaniyo ndi ina. N'chifukwa chake ngakhale m'mayiko olemera wovala pampu amalangizidwa kusunga masirinji ndi insulin ya jakisoni m'nyumba. Pampu sichotsa jakisoni pakhomo.

Kenaka pali zipangizo zotha. Kachubu ka pansi pa khungu ndi kabotolo kake amasinthidwa pakapita masiku awiri kapena atatu, apo ayi pamalopo pamatupa ndi kuchita mafinya, ndipo insulin siyenda bwino. Kusintha pa masiku atatu alionse ndiye kuti pa chaka pafunika timachubu pafupifupi 120. Mtundu uliwonse wa pampu uli ndi timachubu takutake, moti kawirikawiri ta kampani imodzi sitikwana pa pampu ya kampani ina. Zonsezi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Pampu yokha imagulitsidwa madola masauzande angapo, ndipo chitsimikizo cha opanga chimakhala cha zaka zinayi kwa mitundu yambiri. Aliyense amene akukumbukira momwe mitengo idalumphira kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 angaone yekha chimene chingachitikire banja lodalira katundu wotere mwezi ndi mwezi. Mphatso ya pampu yochokera kwa mbale wa kunja ndi yoyamikika, koma ikabwera ndi timachubu ta miyezi itatu yokha, mwezi wachinayi imasanduka kabokosi kosunga m'sutikesi. Wopereka mphatsoyo afunsidwe mwaulemu ngati angathe kutumiza zotsalazo chaka ndi chaka, ndiponso kudzera mwa yani.

Nyengo ya ku Salima nayo ili ndi mbali yake. Opanga insulin amalangiza kuti imene ili m'pampu itayidwe ikakhala pa kutentha kopitirira madigiri 37, ndipo pampu yovala m'chiuno mwa munthu amene akulima kapena kuyanika usipa padzuwa la Okutobala ingafike pamenepo. Thukuta limamatula pulasitala. Mapampu ena savalidwa posambira, chinthu chovuta kuuza mwana wokulira m'mbali mwa nyanja, ndipo kwa msodzi wogona pamadzi usiku wonse, kutali ndi thandizo, chiopsezo chake n'chachikulu. Ena amagwiritsa mabatire ogula, ena amafuna kutchajidwa, choncho pakhomo popanda magetsi pafunika sola yodalirika.

Pampu siidziwa chimene munthu wadya. Wodwala kapena kholo lake ayenera kuiuza kuchuluka kwa chakudya chosanduka shuga chimene chili m'mbale, ndipo luso limeneli limaphunziridwa. Mitanda iwiri ya nsima ya ufa woyera, mbale ya mpunga wa ku Lifuwu, chinangwa chophika ndi mango asanu a m'Disembala sizikweza shuga mofanana. Pafunikanso dokotala kapena namwino wophunzitsidwa mtundu umenewo wa pampu, woti aikonze poyamba, aziisintha mwana akamakula, ndipo azipezeka pa foni zinthu zikavuta. Banja lililonse loganiza za pampu liyambe lafunsa funso limeneli ku kiliniki ya shuga: kodi alipo amene angaiyang'anire, ndipo ali kuti? Ngati yankho lake ndi Lilongwe, ku chipatala cha Kamuzu Central kapena kwa dokotala wolipira, ndalama ya ulendo wa makilomita pafupifupi 100 iwerengeredwe limodzi ndi mtengo wa pampuyo.

Nanga angalipire ndani? Dziko la Malawi lilibe inshuwalansi ya zaumoyo ya boma yokhudza nzika zonse. Chimene lili nacho ndi chithandizo chaulere m'zipatala za boma, ndipo insulin ndi masirinji zili m'gulu la zoperekedwa mwaulere zikakhalapo. Pampu ndi timachubu take sizili m'gululo. Zipatala za mishoni za pansi pa CHAM zimalipiritsa. Kwatsala mabungwe a inshuwalansi olipira mwezi ndi mwezi, monga MASM, amene mamembala ake ambiri ndi anthu a pa ntchito zolembedwa. Wogwira ntchito ku hotelo ya ku Senga Bay kapena mu ofesi ya pa boma amene ali ndi khadi lotere asaganize kuti khadilo lokha ndi lonjezo. Sikimu iliyonse ili ndi malire a ndalama za pa chaka, ndipo mabungwe otere kawirikawiri amafuna kuti zinthu zodula zivomerezedwe zisanagulidwe, pamodzi ndi kalata ya dokotala yofotokoza chifukwa chake jakisoni sakukwanira. Kalata imeneyo imalemera ikakhala ndi umboni: bukhu lolembamo zotsatira za kuyeza shuga kwa miyezi ingapo, masiku amene wodwala adagonekedwa, ndi nthawi zimene adakomoka shuga atatsika. Membala afunse padera za pampu ndi za timachubu, pakuti bungwe likhoza kuvomera chimodzi n'kukana china. Afunsenso ngati pali nthawi yodikira kwa amene adalowa sikimu akudwala kale, ndi chimene chidzachitike ntchito ikadzatha. Mayankho onsewa akhale olembedwa. Mawu a pa foni sagwira ntchito tsiku lobweza ndalama.

Kuvuta kwa nkhaniyi si kwa Malawi yekha. Ku England, kumene boma limalipira chithandizo, bungwe lounika mankhwala la NICE lidavomereza mu Disembala 2023 kuti mapampu olumikizana ndi choyezera shuga aziperekedwa kwa ana ndi kwa akuluakulu ena, koma ntchito yowagawa adaikonza kuti itenge zaka zisanu, chifukwa cha ndalama ndiponso kuchepa kwa ogwira ntchito ophunzitsidwa.

Chimene chilipo kale kuno sichochepa ayi. Chipatala cha boma cha Salima ndi chimodzi mwa zipatala zimene zidalandira ndondomeko ya PEN-Plus, yobweretsa pa boma chithandizo cha matenda aakulu osapatsirana, monga shuga wa mtundu woyamba, siko selo ndi matenda ena a mtima, chimene kale chinkapezeka m'zipatala zazikulu zokha. M'dziko muno ndondomekoyi idayambira ku Neno, mothandizidwa ndi bungwe la Partners In Health, lodziwika kumeneko kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, kenaka idafika ku Karonga ndi ku Salima. Mu Ogasiti 2022 nduna za zaumoyo za mayiko 47 a mu Africa, pa msonkhano wa WHO ku Lomé m'dziko la Togo, zidagwirizana kuti ifalikire m'mayiko awo. Insulin yofala m'zipatala za boma ndi ya mitundu iwiri, yoyera ngati madzi yogwira msanga, ndi yamtambo yokhalitsa, kapenanso yosakaniza kale. Ndi imene yasunga miyoyo ya anthu ochuluka pa dziko lapansi, ndipo munthu woibaya pa nthawi yake, wodya mwadongosolo, amakula, amaphunzira, amakwatira ndi kubereka. Chofunika kusamala ndi chakuti sirinji igwirizane ndi botolo: insulin yolembedwa U-100 imafuna sirinji ya U-100.

Banja lokhala ndi kandalama kapadera lingapindule kwambiri likayamba ndi kachipangizo koyezera shuga pobaya chala, pamodzi ndi timapepala take tokwanira chaka chonse. Kubaya insulin osayeza kuli ngati kupalasa bwato usiku wa mdima, ndipo nayo pampu ndi yoopsa kwa munthu amene sayeza. Pogula, timapepala ndito tiyambe kufunsidwa, pakuti kachipangizo kotsika mtengo kamene timapepala take sitipezeka m'mafamase a ku Salima n'kopanda phindu. Choyezera chovala pamkono chija chidayesedwa kale kwa odwala a m'midzi ya ku Neno, ndipo ofufuza adapeza kuti n'chotheka kugwiritsidwa ntchito pa chipatala cha pa boma. Chimagwira ntchito ngakhale popanda pampu.

Kusunga insulin popanda furiji n'kothekanso. Botolo losatsegula limafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, koma lotsegula limagwiritsidwa ntchito kwa milungu inayi lili kunja kwa furiji. Kafukufuku wa bungwe la Médecins Sans Frontières ndi yunivesite ya Geneva, wofalitsidwa mu 2021, adaonetsa kuti insulin siifooka m'milungu inayiyo ngakhale kutentha kukusinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37. Njira yodziwika ndi kuika botolo m'kachitini kotseka, kachitiniko m'mphika wadothi, mphikawo m'kati mwa wina waukulu, pakati pake n'kuthira mchenga wonyowa, zonse pamthunzi podutsa mphepo. Insulin youma ndi ayezi imaonongeka, choncho isasungidwe m'bokosi la ayezi la ogulitsa nsomba.

Zina mwa zopinga zili m'manja mwa dera lenilenilo. Wodwala akalephera kupita ku kiliniki chifukwa chosowa ya kabaza, nkhaniyo ndi yoyenera kufika ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi ndi ya dera, ndiponso kwa khansala, monga zimafikira nkhani za mijigo ndi milatho. Insulin kapena masirinji zikasowa, komiti yoyang'anira chipatala ndi ofesi yolandira madandaulo pa chipatala cha boma zidziwitsidwe tsiku lomwelo, osadikira kuti botolo la kunyumba lithe. Alangizi a zaumoyo a m'midzi angathandize kuzindikira msanga mwana amene akuwonda, akumwa madzi kwambiri ndi kukodza pafupipafupi, ngakhale pogona, kuti akayezedwe shuga banja lisanataye masiku kwa asing'anga. Aphunzitsi nawo adziwe kuti mwana wa shuga akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka m'kalasi, apatsidwe msanga madzi osungunulamo masupuni atatu a shuga, kenaka chakudya. Ngati wakomoka, asamumwetse kanthu. Amugoneke chammbali, amupake shuga pang'ono m'kati mwa tsaya, ndipo athamangire naye kuchipatala.