Tidakhala Alendo a Othawa Kwawo

Mwana akabwera kudzapempha chilolezo chopita ku chikondwerero cha nyimbo, kholo lachisilamu limayamba lakhala kaye chete. Inu abale athu a m'mbali mwa nyanja mukuidziwa bwino nkhaniyi, pakuti chikondwerero cha Lake of Stars, chomwe chidayambira ku Chintheche mu 2004, chidachitikaponso ku Senga Bay ndi ku Nkopola, pakhomo panu penipeni. Mudaona ndalama zomwe asodzi ndi ogulitsa ziboliboli amapeza, koma mudaonanso mowa ndi mavalidwe omwe amadza ndi khamulo.

Ifenso kuno ku Luwani, m'boma la Neno, funso lomweli lidatigwera mu 2023. Anyamata atatu ndi atsikana awiri a pa mzikiti wathu adati akufuna kukathandiza ntchito, popanda malipiro, ku chikondwerero cha Tumaini chomwe chimachitikira ku Dzaleka m'boma la Dowa. Makolo tidagawikana. Ena amati anawo akaonongeka, ena amati tikawakaniza adzapitabe mozemba. Mkanganowo udazizira pamene agogo ena adafunsa kuti kodi ku Dzalekako kumakhala ndani. Atauzidwa kuti ndi anthu othawa nkhondo, adaseka nkutikumbutsa kuti munthu wa ku Luwani sangaope anthu otere, popeza tidakulira nawo limodzi.

Agogowo sadaname. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, yomwe idayamba mu 1977 nkutha mu 1992, Malawi adasunga anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo ena mwa iwo adakhala pa kampu ya Luwani. Kampuyi idatsekedwa mu 2007, koma boma lidaitsegulanso mu 2016 pamene anthu ena a ku Tete adathawira m'mudzi wa Kapise ku Mwanza. Tidatunga nawo madzi pa mjigo umodzi, tidagulana nawo nkhuku ndi ufa, ndipo pa maliro timakhala limodzi. Choncho tidagwirizana kuti ana apite, koma abambo awiri ndi mayi mmodzi tiwaperekeze.

Tidakwera basi pa Zalewa m'mamawa, kudzera ku Ntcheu ndi ku Dedza, nkukafika ku Lilongwe dzuwa litapendeka. Kuchoka apo tidadutsa Lumbadzi nkukhotera msewu wa ku Dowa. Dzaleka idali ndende ya andale pa nthawi ya ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda, ndipo mu 1994 idasandutsidwa kampu ya othawa kwawo. Malowa adakonzedwa kuti asunge anthu pafupifupi 12,000, koma pamene timafika n'kuti pali anthu oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena a ku Somalia ndi Ethiopia. Lamulo silimawalola kukhala kapena kugwira ntchito kunja kwa kampu, ndipo m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho boma lidali litabweza kumeneko ambiri omwe amachita malonda m'matauni.

Amene adayambitsa chikondwererochi mu 2014 ndi Trésor Nzengu Mpauni, mlakatuli wochokera ku Congo yemwe ambiri amamdziwa ndi dzina loti Menes la Plume. Nayenso adafika pa Dzaleka ngati wothawa kwawo. Mawu oti Tumaini ndi a Chiswahili, kutanthauza chiyembekezo. Pakhomo salipiritsa, ndipo alendo ofuna kugona amapatsidwa malo m'nyumba za mabanja a pa kampupo, nkupereka kangachepe kwa eni nyumba.

Ife tidafikira ku banja lachisilamu lochokera ku Burundi. Nyumba yake idali ya zipinda ziwiri, koma mayi a pakhomopo adatisiyira chipinda chawo, iwo ndi ana nkugona pabalaza. Tidayesa kukana, osatheka. Chichewa chawo chidali chopereweza, Chiswahili chathu chidali cha salamu basi, komabe tiyi ndi chapati zidatimasulira zotsalazo. Bambo a pakhomopo adatiuza kuti chaka chonse iwo amakhala olandira thandizo, koma masiku ochepa amenewa ndi pomwe nawonso amakhala eni khomo. Mawuwa adatilasa mtima. Ku Luwani ndife tinkalandira othawa nkhondo, ndipo sitidaganizepo kuti mwina nawonso amalakalaka tsiku loti atiyalire mphasa.

Ntchito ya ana athu siidali yapamwamba. Anyamata amanyamula mipando, kutola zinyalala ndi kulondolera alendo njira, popeza tinjira ta pa Dzaleka timasocheretsa. Atsikana, ali ndi mipango yawo kumutu, amathandiza kuyang'anira ana ang'onoang'ono omwe amatayana ndi makolo m'khamumo. Dzuwa lidali loswa mtengo, fumbi lili koboo. Mmodzi mwa ife, bambo yemwe adatsutsa kwambiri ulendowu, tidampeza masana atasenza chigubu cha madzi akupititsira anyamatawo, thukuta lili kamukamu.

Zoona zidalipo zambiri. Anyamata a ku Burundi adalowa m'bwalo ng'oma zazikulu zili pamutu, akuziomba uku akuyenda. Padali alakatuli, a zisudzo, ovina a ku Congo ndi oyimba a kuno kwathu. Ife amene tidazolowera sikiri ndi beni tidaona kuti mtundu uliwonse uli ndi njira yake yokumbukira kwawo.

Tisabise, zosayenera zidaliponso. Kukamada ena amabwera atamwa, ndipo mavinidwe ena sitikadafuna ana athu awaonerere. Apa mpamene kupita kwathu kudathandiza. Tidapangana kuti nthawi ya swala ikakwana ntchito iime, ndipo eni nyumba adatilondolera ku mzikiti wa pa kampupo, komwe tidaima pa mzere umodzi ndi abale a ku Somalia. Ikatha swala ya Isha, tonse timabwerera kunyumba. Ana adang'ung'udza usiku woyamba, koma wachiwiri kutopa kudawagoneka okha.

Nkhani ya kuthawa kwawo si yachilendo kwa Msilamu. Mu 615 ena mwa Asilamu oyamba adathawira ku Abyssinia, komwe mfumu yachikhristu idawasunga, ndipo mu 622 Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, adasamuka ku Makka kupita ku Madina, komwe eni mzinda adagawana ndi alendowo nyumba ndi minda. Ana athu adaziphunzira izi ku madrasa, koma pa Dzaleka adaziona ndi maso. Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono abale ndi alongo, mwana wanu akadzapempha ulendo wotere, musafulumire kuvomera kapena kukana. Mufunseni kuti chikondwererocho ndi cha ndani, akukachitako chiyani, akagona kuti, ndipo akaswalira kuti. Ngati mayankho ake ndi omveka, mangani kathumba kanu mumperekeze. Ife tidabwerera ku Luwani ndi fumbi la ku Dowa m'zovala, ndipo pa Eid yotsatira tidasonkherana thumba la mpunga nkulitumiza ku banja lija la ku Burundi.