Nkhope Yeniyeni ya Tereza Woyera

M'nyumba zambiri za Akatolika muli chithunzi cha Thérèse Martin wa ku Lisieux, amene ife timutcha Tereza Woyera wa Mwana Yesu, nkhoswe ya ntchito za mishoni. Kodi mudziwa amene anamujambula, ndi umo anachitira? Tamverani.

M'chaka cha 1894 Céline, mkulu wake wa Tereza, analowa m'nyumba ya asisitere a Carmel ku Lisieux, m'dziko la France, ndipo akulu anamulola kulowa ndi kamera yake. Kamerayo inali bokosi lamatabwa loima pa miyendo itatu, lokhala ndi diso lagalasi kutsogolo. Wojambula ankafunda nsalu yakuda kumutu nasuzumira kumbuyo kwa bokosi, ndipo ankaona munthuyo ali chadodolido, mutu pansi miyendo kumwamba. Nkhope ikaoneka bwino, ankalowetsa galasi la masentimita 13 m'lifupi ndi 18 m'litali, lopakidwa mankhwala a siliva amene amasintha kuwala kukawagwera. Tsono ankatsegula diso lija kwa kanthawi. Pambuyo pake ankatsuka galasilo ndi mankhwala ena m'chipinda chamdima. Poyera pankatuluka pakuda, pakuda poyera, kufikira atasindikiza chithunzicho papepala.

Chovuta chinali ichi: magalasi a masiku amenewo sankagwira kuwala msanga, choncho wojambulidwa ankayenera kukhala duu, osagwedezeka konse, pakuti akasuntha pang'ono nkhope inkafufutika. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene makolo akale saonekera akuseka m'zithunzi. Si kuti anali anthu okwiya ayi.

Pa 7 June 1897 Tereza anali atadwala kale chifuwa chachikulu. Céline anamutengera panja, namugwiritsa zithunzi ziwiri, cha Mwana Yesu ndi cha Nkhope Yoyera, ndipo wodwalayo anagwada chete masekondi 9. Céline sanakhutire, nabwereza kufikira katatu, mng'ono wake ali ndi malungo, thupi litafooka. Pambuyo pake Céline anamva chisoni napepesa, ndipo Tereza anamuyankha ndi kalata yofatsa. Pa 30 September chaka chomwecho Tereza anamwalira ali ndi zaka 24. Amene ayang'ana chithunzi chimenechi aona maso otopa, koma osagonja.

Mbiri yake itafalikira, anthu ochuluka anapempha zithunzi. Pofuna kumulemekeza, asisitere anakometsera nkhope yake ndi utoto ndi pensulo, nafalitsa zithunzi zosalala, zopanda chizindikiro cha masautso. Pamene Apapa Pius XI anamulemba m'gulu la Oyera m'chaka cha 1925, ambiri ankadziwa nkhope yokonzedwayo. Zithunzi zenizeni 47 zinasindikizidwa pamodzi m'chaka cha 1961, Céline atamwalira kale m'chaka cha 1959. Pamenepo anthu anaona namwali wolimba mtima, amene chiyero chake chinapsa pamoto wa zowawa.

Lero kujambula kwapepuka. Foni ichita m'kuphethira kwa diso zimene Céline ankavutikira. Koma malamulo a kuwala sanasinthe. Pa ubatizo kapena pa ukwati, musaimike anthu pa dzuwa la masana, pakuti atsinzina ndipo mithunzi idetsa maso. Aimikeni pamthunzi wa khonde kapena wa mtengo, akuyang'ana kowala. Dzuwa lisakhale kumbuyo kwao. Yandikirani, kamera ilingane ndi maso a munthuyo. Ngati ndi mwana, gwadani. Gwirani ndi manja awiri.

Ndipo musaiwale agogo. Ajambuleni akali moyo, ndi makwinya ao ndi imvi zao, osafafaniza kanthu, ndipo mulembe dzina ndi chaka kuseri kwa pepala. Adzukulu amene sanabadwe adzafuna kuona nkhope imene Mulungu anaumba, kuti adziwe amene akumupempherera m'mwezi wa November.

Tereza Woyera wa Mwana Yesu, mutipempherere ife.