Maseŵera Osaka Mafulakishoni ndi Lamya ya M'manja

Mwa masamu onse a ku pulayimale, mafulakishoni ndiwo amapunthwitsa ana ambiri. Mwana amene adaphunzira kuti 8 imaposa 4 amafulumira kuganiza kuti 1/8 imaposanso 1/4. Iye sazindikira kuti nzimbe imodzi ikagaŵidwa kwa anthu asanu ndi atatu, aliyense amalandira kachidutswa kochepa kuyerekeza ndi pamene ogaŵanawo ali anayi. Mwana wotere akakula osawongoleredwa, adzavutika poyeza feteleza m'munda ndipo adzanyengedwa pamsika. Nchifukwa chake aphunzitsi ena amatulutsa ana m'kalasi kuti akasake mafulakishoni pabwalo, atanyamula lamya ya m'manja.

Maseŵeraŵa amakonzedwa motere. Mphunzitsi amalemba mafunso, lililonse pa khadi lake, ndi kumata makhadiwo m'malo osiyanasiyana: pa mtengo wa mango, pa chitseko, pa mjigo. Pamwamba pa khadi lililonse pamakhala yankho la funso la khadi lina. Ana amagaŵidwa m'magulu a asanu kapena asanu ndi mmodzi, gulu lililonse ndi lamya imodzi, ndipo magulu amayambira pa makhadi osiyana kuti asaunjikane. Gulu likapeza yankho, limafunafuna khadi limene pali yankholo, ndipo pomwepo limapeza funso lotsatira.

Funsolo likhoza kubisidwa m'kachizindikiro ka timadontho kotchedwa QR, kamene kamera ya lamya imaŵerenga. Chizindikirochi chidapangidwa ku Japan m'chaka cha 1994 ndi kampani ya Denso Wave, pofuna kulondoloza zipangizo za galimoto m'mafakitale. Ubwino wake ngwakuti chimasunga mawu mkati mwake, kotero kuti funso lalifupi limaŵerengeka popanda intaneti.

Luso la mphunzitsi limaoneka pa misampha imene watchera. Funso la pa mtengo wa mango likhoza kukhala 1/2 kuphatikiza 1/4. Yankho loona ndi 3/4, ndipo lili pa chitseko. Koma ana ambiri amaphatikiza manambala apamwamba paokha ndi apansi paokha, napeza 2/6. Tsono mphunzitsi wanzeru amamata khadi la 2/6 pa mjigo, ndipo amene afika pamenepo amapeza funso lakuti: "Munali ndi theka, mwawonjezerapo kota, nanga zatheka bwanji kuti zimene muli nazo zichepere theka?" Apo anawo amatsutsana okhaokha, ena kujambula pansi ndi kamtengo, kufikira ataona pamene adasokera. Chimene mwana wadzitulukira yekha saiŵala msanga.

Ntchito yachiŵiri ya lamya ndiyo kujambula umboni. Gulu likauzidwa kuti lipeze 1/4, likhoza kujambula zenera la magalasi 8 limene aŵiri ndi osweka, kapena mabotolo 6 opanda kanthu m'kireti ya mabotolo 24. Pobwerera m'kalasi zithunzizo zimaonetsedwa kwa onse, ndipo ana amaona ndi maso kuti 2/8 ndi 6/24 ndi fulakishoni imodzimodzi. Chithunzi cha chigumu chodulidwa zidutswa zinayi zosalingana chimakanidwa, pakuti palibe kota pamene magawo sali ofanana.

Pali zofunika kusamala. Lamya izizungulira m'gulu, kuti atsikana ndi ana amanyazi asangokhala oonerera pamene mmodzi waiumirira. Gulu lisalandire mphotho chifukwa cha liŵiro lokha, koma chifukwa cha kufotokoza bwino njira yake. Ndiponso ana azijambula zinthu, osati nkhope za anzawo.

Sukulu yopanda lamya isataye mtima. Mafunso alembedwe poyera pa makhadi, ndipo ana ajambule zimene apeza m'makope mwawo ndi pensulo. Makolo nawonso akhoza kupitiriza kusakaku pakhomo, pofunsa mwana kuti mazira 10 ndi gawo lanji la thireyi ya mazira 30, kapena kuti theka la thumba la makilogalamu 50 limalemera bwanji.