Mafilimu oopsa a ku Cape Town amene akutsata kapangidwe kakale

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, nyumba zakutha zoonetseramo kanema za mu 42nd Street ku New York zinkaonetsa mafilimu a magazi, nkhanza ndi zonyansa, amene makampani akuluakulu a ku Hollywood ankawanyansidwa nawo. Ankapangidwa ndi ndalama zochepa, osewera ake anali osadziwika, ndipo zithunzi zake zinali zamchengamchenga ngati kaseti imene yazungulira mavidiyo sho onse a pamsika. Ku Britain makaseti a mafilimu otere anautsa mapiri pachigwa, mpaka mu 1984 anakhazikitsa lamulo loti filimu ya pa kaseti iziyamba yaunikidwa isanagulitsidwe.

Kalelo maonekedwe amenewa ankabwera chifukwa cha umphawi. Masiku ano ena amachita kuwafuna dala. Mu 2007 Quentin Tarantino ndi Robert Rodriguez anatulutsa Grindhouse, momwe anaikamo mikwingwirima kuti filimu yatsopano ioneke yakale. Ku Cape Town, amene watchuka ndi kapangidweka ndi Ryan Kruger, yemwe poyamba ankajambula mavidiyo a nyimbo.

Filimu yake yoyamba yaitali, Fried Barry, inatuluka mu 2020, ndipo inachokera ku kafilimu kakafupi ka mu 2017. Nkhani yake ndi ya Barry, munthu womwerekera ndi mankhwala ozunguza bongo, amene thupi lake lalowedwa ndi cholengedwa chochokera kunja kwa dziko lino. Cholengedwacho chimangoyendayenda mumzinda, m'mabala ndi m'timisewu tamdima, maso ali tong'oo, osadziwa n'komwe kuti anthu amatani. Gary Green, amene anasewera Barry, salankhula zambiri. Nkhope yake yoonda ndiyo imagwira ntchito yonse. Cape Town wa mufilimuyi si wa alendo odzaona phiri la Table Mountain ayi.

Mu 2024 Kruger anatulutsa Street Trash, potengera filimu ya dzina lomweli ya mu 1987 imene anatsogolera J. Michael Muro. Mu yakaleyo, wogulitsa mowa wina wa ku New York apeza bokosi la mowa wakalekale wotchedwa Tenafly Viper, nayamba kugulitsa botolo pa dola imodzi kwa anthu ogona mumsewu. Aliyense womwa amasungunuka, thupi lonse kusanduka phala la mitundu yowala. Kruger anasamutsira nkhaniyi ku Cape Town wa chaka cha 2050, ndipo anasintha chinthu chachikulu: imfa sikubweranso mwangozi. Meya wa mzindawo ndi amene akugwiritsa ntchito mankhwala pofuna kuseseratu anthu osowa pokhala.

Apa ndi pamene kutsanzira zakale kukupeza tanthauzo. Anthu a mumzindawu akudziwa za District Six, dera limene boma la tsankho linalengeza mu 1966 kuti ndi la azungu okha, anthu masauzande ambiri n'kusamutsidwa mokakamiza. Akukumbukiranso msasa wa ku Strandfontein, komwe anthu ogona mumsewu anawasonkhanitsa mu 2020 nthawi ya Covid-19. Choncho meya wa mufilimuyi, ngakhale ndi wopeka komanso wokokomeza, sakuseketsa chabe. Chofooka cha filimuyi n'chakuti uthenga ukuchita kuonekeratu, pamene filimu ya 1987 inalibe chifundo ndi aliyense, ndipo ukali wake unagona pamenepo.

Kajambulidwe nakonso n'kakale. Street Trash ya Kruger anaijambula pa filimu ya 35mm m'malo mwa kamera ya digito, ndipo kusungunuka kwa matupi anakupanga ndi manja: zikopa za labala, timapaipi tobisika ndi madzi a utoto. Njira imeneyi ndi yovuta, chifukwa chidole chikaphulika molakwika pamafunika kuyeretsa malo onse n'kuyambiranso. Koma okonda mafilimuwa amaikonda kuposa magazi a pa kompyuta, poti osewera amanyowadi ndipo diso limazindikira.

Oonera ambiri amapeza mafilimuwa pa intaneti. Fried Barry inafika pa Shudder, malo oonerapo mafilimu pa intaneti, mu 2021. Ku Cape Town kwenikweniko kuli South African Horrorfest, chikondwerero chimene Paul Blom ndi Sonja Ruppersberg anayambitsa mu 2005, ndipo kwa zaka zambiri chakhala chikuchitikira ku Labia Theatre mu Orange Street chakumapeto kwa October. Mafilimu onse awiri a Kruger ndi a akuluakulu okhaokha, ndipo sayenera kuonetsedwa pamene pali ana.