Chikanga: musanamulande mwana dzira, yambani mwaona khungu lake

Mwana wa mchemwali wanga anayamba kuzikanda ali ndi miyezi isanu. Zinayambira m'masaya. Khungu linauma, linachita timatuza ting'onoting'ono, kenaka n'kuyamba kuchucha timadzi tomwe tinkasiya nkhanambo. Poti manja anali asanadziwe kukanda, ankakhula nkhope pachitenje akakhala kumbuyo, ndipo usiku ankapukusa mutu pabulangeti mpaka kutuluka magazi. M'nyumbamo tulo tinasowa.

Aphungu sanachedwe kufika. Agogo anati mayi wa mwana asiye mazira. Mayi woyandikana nawo nyumba anati vuto ndi nsinjiro. Wina wa kutchalitchi anatchula mlamba ndi nyama ya nkhumba, winanso n'kunena kuti mkaka wa m'mawere ndiwo waipa, bola amuletse kuyamwa. Aliyense ankachotsako chake. Pomwe ankakwanitsa chaka, mwanayo ankangodya phala la mgaiwa lothira mchere, ndipo mzere wa pakhadi la kusikelo unali utasiya kukwera. Kuyabwa kuja kunali pomwepo.

Matendawa ndi amene ambiri timati chikanga, ndipo kuchipatala mumva akuti eczema kapena atopic dermatitis. Si achilendo: m'mayiko ambiri amagwira mpaka mwana mmodzi mwa ana asanu alionse, ndipo kawirikawiri amayamba mwana asanakwanitse zaka zisanu. Sapatsirana ngakhale mugone mphasa imodzi. Amayenda m'banja, limodzi ndi mphumu komanso chimfine chija chimabwera munthu akapuma fumbi kapena mungu. Ana ambiri amapepukidwa akamakula, ena amafika nawo ku ukulu.

Ife tikaona ziwengo timathamangira kufunsa kuti wadya chiyani, kapena kunena kuti magazi ndi oipa. Koma gwero la chikanga lili pakhungu penipenipo. Khungu labwino lili ngati mtsuko wootchedwa bwino: madzi amakhala m'kati, nyerere zimatsala kunja. Khungu la munthu wa chikanga ndi mtsuko wa ming'alu yosaoneka ndi maso. Chinyezi chimathawa, khungu n'kuuma gwa, pomwe sopo, fumbi, thukuta ndi mabakiteriya zimapeza polowera. Chitetezo cha m'thupi chikaona alendowa chimayamba nkhondo yoposa muyeso, ndipo nkhondoyo ndiyo kutupa ndi kuyabwa. Munthu akakanda, ming'alu imakula, kuyabwa n'kuwonjezeka, iye n'kukandanso.

M'chaka cha 2006, akatswiri a pa yunivesite ya Dundee ku Scotland anapeza kuti anthu ambiri a chikanga ku Ulaya ali ndi vuto lobadwa nalo pa puloteni yotchedwa filaggrin, yomwe imathandiza kumata khungu. Ofufuza ena atayang'ana odwala a ku Ethiopia ndi a mtundu wa amaXhosa ku South Africa, anapeza kuti vuto lobadwa nalo lomwelo n'losowa kwambiri pakati pawo, ngakhale khungu lawo nalo limataya chinyezi. Ndiye kuti mtsuko umatha kung'aluka m'njira zingapo.

Mabuku ambiri a zachipatala amati chikanga chimaoneka chofiira. Zimenezo n'za khungu loyera. Pakhungu lathu chimaoneka chakuda kuposa malo ena, kapena chotuwa mbuu, nthawi zina timabululu tambirimbiri ngati khungu la nkhuku yososola. Mwa makanda chimakonda masaya, mphumi ndi kunja kwa mikono ndi miyendo. Mwana akakulirapo chimasamukira m'mopindikira: m'kati mwa zigongono, kuseri kwa mawondo, m'khosi ndi m'mapindiro a manja. Pamene pakandidwa miyezi yambiri pamakhuthala n'kuchita mizeremizere ngati chikopa.

Musanayambe chilichonse, tsimikizani kuti n'chikangadi. Mphere nazo zimayabwa koopsa usiku, koma zimakonda pakati pa zala, m'chiuno ndi kumaliseche, ndipo mumapeza kuti nyumba yonse ikukanda. Zipere zimachita zozungulira, zokhala ndi mkombero. Palinso pellagra, matenda obwera munthu akamadalira chimanga chokha osapeza ndiwo zokwanira, omwe amadetsa ndi kusupula khungu m'malo owombedwa ndi dzuwa monga m'khosi ndi kunja kwa manja. Onsewa mankhwala ake ndi osiyana, ndipo mankhwala ena opaka a chikanga akapakidwa pa zipere amazikulitsa.

Tsopano za chakudya. N'zoona kuti pali ana amene thupi lawo limadana ndi zakudya zina. Mwa ana aang'ono a chikanga chachikulu, pafupifupi mmodzi mwa atatu amapezekanso ndi vuto limeneli, ndipo zakudya zake nthawi zambiri ndi mkaka wa ng'ombe, mazira, mtedza, soya, tirigu kapena nsomba. Koma kudana ndi chakudya kuli ndi zizindikiro zake zosabisika. Pasanathe maola awiri chidyereni, kawirikawiri mphindi zochepa chabe, mwana amatuluka zidzolo zotukuka thupi lonse, milomo kapena zikope zimatupa, amasanza, nthawi zina n'kuyamba kubanika. Akabanika kapena kulefuka, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala. Mwana wotere ndiye woyenera kusiya chakudyacho, ndipo a zaumoyo akuuzeni choti chilowe m'malo mwake.

Kwa ana ena onse, omwe ndi ochuluka, ndiponso kwa akuluakulu ambiri, chikanga chimabwera n'kupita pachokha, dzira lidyedwe kapena lisadyedwe. Apa m'pamene timapusitsika. Mwana akadya usipa Lachiwiri, khungu n'kuipa Lachitatu, mlandu umagwera usipa, pomwe mwina Lachiwiri lomwelo kunawomba mwera, kapena anamusambitsa ndi sopo wochapira, kapena anamuveka juzi yaubweya ya pakaunjika. Usipa ukachoka khungu osasintha, sitiubwezera ayi, timangofunafuna china choti tichotse.

M'dziko lolemera, masewera oterewa amangotaya ndalama. Kuno amatha kupundula mwana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anasonyeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Dzira, nsinjiro, soya ndi usipa ndi zomwe zimapulumutsa mwana wa kumudzi, ndipo zonsezi zili pamndandanda wa zakudya zomwe aphungu a pakhonde amaletsa. Likuni Phala ndi chimanga ndi soya. Chiponde chomwe amapatsa ana onyentchera kuchipatala n'chamtedza. Mukachotsa zonsezi mwatsala ndi chiyani? Kuonjezera apo, khungu la mwana wosowa zakudya limachedwa kupola, ndiye mwazimitsa moto ndi parafini.

Pali chinanso chomwe chinadabwitsa ngakhale madokotala. Kwa zaka zambiri ankalangiza makolo kuti achedwetse mtedza kwa ana a chikanga. M'chaka cha 2015 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa LEAP, yemwe anatsogolera ndi Pulofesa Gideon Lack wa ku King's College London. Anatenga makanda 640 a chikanga chachikulu kapena odana ndi mazira, ena n'kumawapatsa zakudya za mtedza kuyambira ali aang'ono, ena n'kuwaletsa mpaka zaka zisanu. Kudana ndi mtedza kunatsika ndi pafupifupi 80 peresenti mwa ana omwe ankadya aja. Maganizo a akatswiri tsopano ndi akuti thupi likakumana ndi chakudya kudzera m'kamwa limachizolowera, koma likayamba kukumana nacho kudzera m'ming'alu ya khungu limachiyesa mdani. N'chifukwa chake si nzeru kudzoza khanda la chikanga mafuta a mtedza, kapena kulidzoza musanasambe m'manja mutangomaliza kusinja.

Choncho malangizo a kusikelo aja sasintha: kuyamwitsa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, kenaka phala la zakudya zakasinthasintha zochokera m'magulu onse asanu ndi limodzi, bere likupitirira. Mayi woyamwitsa adye bwino, asadzimane. Mtedza upite m'phala ngati nsinjiro, wosankhidwa bwino wopanda chuku, osati wathunthu womwe ungamutsamwe. Ngati chikanga cha khanda n'chachikulu kwambiri, kaonaneni kaye ndi dokotala musanayambe mtedza ndi mazira. Ndipo ngati mukukayikirabe chakudya china, tengani kope muzilemba zomwe wadya ndi mmene khungu lilili tsiku ndi tsiku. Mukagwirizana ndi a chipatala, chotsani chimodzi chokha kwa milungu ingapo, ndipo khungu likapanda kusintha chibwezereni. Kumusiyitsa mwana kwa nthawi yaitali chakudya chomwe ankadya bwinobwino kumatha kuchititsa kuti thupi lidzadane nacho zenizeni pochibwerera.

Nanga mankhwala achilengedwe? Amene amathandiza, amathandiza chifukwa ndi mafuta omata ming'alu ija, osati chifukwa ali ndi mphamvu yobisika. Ku Philippines, kafukufuku wa 2014 wa ana 117 anapeza kuti mafuta a kokonati osayengedwa, opakidwa kwa milungu isanu ndi itatu, anachepetsa chikanga kuposa mafuta a mineral oil. Ku Sheffield, ku England, ofufuza anayerekeza mafuta a mpendadzuwa ndi a olivi pamikono ya akuluakulu ochepa mu 2013: a mpendadzuwa anasunga khungu bwino, pomwe a olivi, omwe anthu amawatamanda ndi kuwagula modula, analifooketsa. Koma mafuta ophikira a m'timachubu ta pamsika musawayese a mpendadzuwa, palibe amadziwa chomwe chili m'menemo. Aloe vera amaziziritsa, ena amawayabwitsa. Chilichonse chatsopano yambani mwayesa pakamalo kakang'ono pamkono kwa masiku angapo. Makapisozi odula a evening primrose oil ndi ma probiotic, bungwe la Cochrane litasonkhanitsa kafukufuku wake linapeza kuti sathandiza kwenikweni pochiza chikanga. Ndalama imeneyo bola kugulira mazira.

Zinanso n'zovulaza basi. Adyo wosinja amawotcha khungu ngati moto. Mandimu, mchere, phulusa ndi mankhwala otsukira mano pa chilonda cha mwana ndi nkhanza chabe, ngakhale wopakayo akufuna zabwino. Chenjeraninso ndi timabotolo topanda dzina tomwe amati ndi zitsamba zokhazokha koma timapoletsa m'masiku awiri. Madokotala a pa King's College Hospital ku London anapima mafuta 11 oterewa mu 1999, omwe odwala awo anagula kwa ogulitsa zitsamba za ku China, ndipo 8 anapezeka ndi dexamethasone, mankhwala a m'gulu la steroid. Mafuta ambiri oyeretsa khungu omwe ali mbwee m'misika yathu nawonso amakhala ndi steroid wamphamvu kwambiri. Amazimitsa kuyabwa msanga, kenaka khungu limapyapyala, limachita mizere, ndipo tsiku lomwe mwasiya chikanga chimabwerera ndi ukali.

Izi sizikutanthauza kuti steroid ndi woipa. Khungu likayaka, mafuta wamba paokha sakwanira, pamafunika mankhwala ozimitsa kutupa, ndipo hydrocortisone kapena betamethasone wolembedwa ndi dokotala amagwira ntchito bwino akapakidwa pamalo odwala pokha kwa masiku omwe mwauzidwa. Muyeso wake ndi wosavuta: mankhwala ofinyidwa kuchokera kunsonga ya chala cholozera mpaka pamzere woyamba amakwanira malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu. Steroid wamphamvu sapita kumaso pokhapokha dokotala atanena.

Ntchito yaikulu ndi ya tsiku ndi tsiku, ndipo ndi yotopetsa. Kusamba kukhale kwachidule, madzi ofunda osati otentha. Chinkhupule ndi mwala zikhale patali. Sopo wochapira zovala, sopo wonunkhira ndi sopo wopha majeremusi onse amachotsa mafuta achibadwa a pakhungu. Emulsifying ointment, yemwe amapezeka m'mafamase, amatha kulowa m'malo mwa sopo. Aqueous cream ndi bwino kusambira osati kudzola n'kusiya, chifukwa muli mankhwala ochititsa thovu omwe amayabwitsa ana ambiri. Mukamusambitsa mwana, mupukuteni mongogunditsa thaulo, ndipo khungu lisanaumiretu mudzozeni thupi lonse, molowera komwe ubweya wagonera. Vaseline wopanda fungo amakwanira. Kawiri patsiku ndiye poyambira, m'miyezi ya June ndi July onjezerani. Zikhadabo ziwengedwe, zovala zamkati zikhale zathonje, ndipo m'nyengo yotentha ya October thukuta lizitsukidwa msanga.

Chimodzi chomwe sichinenedwa kawirikawiri: mafuta odzola akalowerera m'zovala ndi m'zofunda n'kuumiramo, nsaluyo imagwira moto msanga kwambiri, ndipo kuchapa sikuwachotsa onse. Mwana wodzola noninoni asakhale pafupi ndi mbaula, kandulo kapena moto wootha.

Pitani kuchipatala msanga ngati zilonda zayamba mafinya kapena nkhanambo zachikasu, ngati mwana watentha thupi, kapena ngati patuluka mwadzidzidzi timatuza tambiri topweteka tofanana kukula, tosiya timaenje, makamaka kumaso. Chomalizachi ndi kachilombo ka herpes kolowa pakhungu la chikanga, ndipo n'choopsa. Munthu wamkulu amene wayamba kuyabwa thupi lonse koyamba ayezetsenso magazi, chifukwa HIV ndi matenda ena amatha kuyamba motero. Zikakanika kuchipatala chaching'ono, pemphani kalata yopita ku kiliniki ya khungu ya chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mwana wa mchemwali wanga uja anabwezeredwa dzira ndi nsinjiro atalangizidwa ndi a chipatala, chimodzi sabata ino china sabata inayo, ndipo palibe chinachitika. Mzere wa pakhadi unayambanso kukwera. Pano ali sitandade 2. Kuseri kwa mawondo kudakali timawanga toyererako, tomwe dokotala anati si zipsera ndipo tidzafanana ndi khungu lina pakapita miyezi. Mwera ukayamba amakandabe, ndipo botolo la Vaseline limakhala m'chikwama cha kusukulu, pambali pa makope omwe onse ali ndi zidindo za zala zamafuta.