Mtima ukamagunda musanakweze dzanja

Pa phunziro la friction timaona kuti kukankha desiki imene yangokhala n'kovuta kusiyana ndi kuipitiriza ikayamba kusuntha. Static friction imaposa kinetic friction. Ineyo ndimaona ngati kufunsa funso m'kalasi kulinso chimodzimodzi: mphamvu zambiri zimathera pa funso loyamba. Ndipo nkhaniyi si yamasewera ayi, chifukwa chimene mwachita nacho manyazi mu Fomu 3 mudzakumana nacho pa MSCE muli nokhanokha.

Mukaganiza zokweza dzanja, mtima umathamanga, m'manja thukuta, kukamwa gwaa. Imeneyo ndi adrenaline, imene imachokera m'tiziwalo tokhala pamwamba pa impso. Wosewera mpira amamvanso zomwezo asanamenye penate. Thupi likungokonzekera basi, silikukuuzani kuti ndinu mbuli.

Nanga zoti "aliyense andiseka"? M'chaka cha 2000, Thomas Gilovich wa ku Cornell University ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wina woseketsa. Ankaveka wophunzira T-shirt yochititsa manyazi, yokhala ndi nkhope ya woimba Barry Manilow, n'kumulowetsa m'chipinda momwe munali anzake. Ovalawo ankaganiza kuti pafupifupi theka la anthuwo aona nkhopeyo. Amene anaionadi anali pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Anzanu m'kalasimo ali kalikiliki kudandaula za iwo eni.

Koma amene ndimamutsatira kwambiri ndi Albert Bandura wa ku Stanford. Mu 1977 analemba kuti chimene chimalimbitsa kwambiri chikhulupiriro chakuti "ndingathe" ndicho kuchita chinthucho n'kuona chatheka. Mawu olimbikitsa amathandiza, koma pang'ono chabe. Iye ankathandiza anthu oopa njoka, ndipo sankawakakamiza kuigwira tsiku lomwelo. Ankayamba ndi kuonerera wina akuigwira, kenako kuyandikira, kenako kuikhudza atavala magolovesi, mpaka kuinyamula ndi manja.

Ndiye musayambe ndi kulankhula pa asembule. Sabata ino funsani mnzanu wa pa desiki. Sabata yamawa tsatirani aphunzitsi akamatuluka. Kenako kwezani dzanja, funso mutalilemba kale pa kope kuti mawu asakuthaweni. Likhale lolunjika. "Sindinamve" amatisiya ife aphunzitsi m'malere, koma "Aphunzitsi, ndasokonekera pamene mwasintha km/h kukhala m/s" ndimayankha mosangalala, ndipo kawirikawiri ndimaona mitu ina ikugwedezeka kumbuyo.

Pa intaneti mupezanso malangizo akuti muziima manja ali m'chiuno kwa mphindi ziwiri, ati mahomoni asintha. Zinachokera pa kafukufuku wa mu 2010, koma atamubwereza ndi anthu 200 mu 2015, mahomoniwo sanasinthe, ndipo Dana Carney, mmodzi mwa eni ake kafukufukuyo, ananena poyera kuti sakuzikhulupiriranso. Imani mowongoka ndithu, kupuma kumayenda bwino, koma musadalire zimenezo.

Kukana nakonso kumaphunziridwa pang'onopang'ono. Mnzanu akafuna kukopera homuweki, simufunika kukalipa kapena kunama kuti kope mwaiwala kunyumba. Muyang'aneni, munene kuti, "Aise, kope sindikupatsa, koma bwera pa buleki tiwerengere limodzi nambala 4." Akaumirira, bwerezani mawu omwewo osakweza mawu, osawonjezera zifukwa, poti chifukwa chilichonse chimene mungapereke iye achipezera yankho.