Steve Jobs ndi luso la zilembo

Steve Jobs (1955–2011), mmodzi mwa anthu amene anayambitsa kampani ya Apple ku America, ankati kukongola kwa zilembo za pa kompyuta ya Macintosh kunachokera ku phunziro limene analowamo chifukwa chongolikonda, osati pofuna satifiketi. Nkhaniyi inatchuka ataifotokoza pa mwambo wa omaliza maphunziro ku yunivesite ya Stanford pa 12 June 2005, ndipo anthu amaitchula kawirikawiri akamakambirana za kusankha ntchito.

Ku Reed College

Jobs analowa Reed College, mumzinda wa Portland ku Oregon, mu 1972. Makolo amene anamulera sanali olemera, ndipo fizi inkadya ndalama zimene anasunga kwa zaka zambiri. Patangotha miyezi 6 iye anasiya sukulu, koma pakolejipo sanachoke. Kwa pafupifupi chaka ndi theka ankagona pansi m'zipinda za anzake, ankabweza mabotolo a Coca-Cola kuti apeze masenti 5 pa botolo, ndipo Lamlungu ankayenda wapansi kukadya kukachisi wa a Hare Krishna. Poti panalibenso womukakamiza maphunziro a digiri, ankalowa kalasi iliyonse imene yamukoka mtima.

Imodzi mwa makalasiwo inali ya luso lolemba zilembo zokongola pamanja. Mphunzitsi wake anali Robert Palladino, yemwe anakhala zaka 18 m'nyumba ya amonke a Trappist asanabwere ku Reed mu 1969 kudzalowa m'malo mwa Lloyd Reynolds. Kumeneko Jobs anaphunzira kusiyanitsa zilembo za serif, zomwe zimakhala ndi timizere ting'onoting'ono kumapazi ndi kumutu, ndi za sans serif, zomwe zilibe timizereto. Anaphunziranso chinthu chimene wowerenga sachiona koma diso lake limachimva: mpata wa pakati pa chilembo ndi chinzake. Taipilaita imapatsa chilembo chilichonse malo ofanana, kotero kuti "i" amasowa chodzazira malo ake pomwe "m" amapanikizika. Wolemba waluso ndi wosindikiza mabuku amapatsa chilembo malo molingana ndi kukula kwake, n'chifukwa chake tsamba la buku silitopetsa maso.

Macintosh

Kwa zaka pafupifupi 10 chidziwitsochi sichinamupindulire kanthu. Makompyuta ambiri a nthawiyo ankaonetsa mtundu umodzi wa zilembo, zonse zotalikirana mofanana ngati za taipilaita. Macintosh, imene inatuluka mu January 1984, inabwera ndi mitundu ingapo ya zilembo zoti munthu asankhe yekha, zambiri mwa izo zopatsidwa malo ngati za m'buku.

Amene anajambula zambiri mwa zilembozo si Jobs ayi, koma Susan Kare, yemwe ankamanga chilembo chilichonse ndi timadontho towerengeka ta pa sikirini. Mitunduyo inapatsidwa mayina a mizinda monga Chicago, Geneva, Monaco ndi New York. Mbali ya Jobs inali kuumirira kuti zilembo si nkhani yoti n'kuisiya kumapeto. Mu 1985 kunabwera printa ya LaserWriter, yogwiritsa ntchito PostScript ya kampani ya Adobe, pamodzi ndi pulogalamu ya PageMaker, ndipo masukulu, mipingo ndi mabungwe ang'onoang'ono anayamba kudzikonzera okha timabuku ndi nyuzipepala.

Ku Stanford, Jobs ananena kuti akanapanda kulowa kalasi ija, mwina makompyuta sakanakhala ndi zilembo zabwino chotere. Apa anawonjezako mchere. Kampani ya Xerox inali itapanga kale makompyuta a Alto ndi Star, oonetsa zilembo zosiyanasiyana, ndipo Jobs mwiniwake anakaona ntchito yawo ku Palo Alto mu 1979. Chimene Macintosh inachita ndi kufikitsa zimenezi kwa anthu wamba pa mtengo wotsikirapo.

Za kukonda ntchito

M'mawu ake omwewo Jobs analimbikitsa ophunzira kuti asasiye kufunafuna ntchito imene akuikonda, ndipo anapereka chitsanzo cha mmene anachotsedwera ku Apple mu 1985 n'kukayamba NeXT, osataya chidwi. Ena amatsutsa uphunguwu ponena kuti ambiri sasankha ntchito, amagwira imene yapezeka kuti ana adye. Komanso nkhani yake yomweyo ikusonyeza zina: Jobs sanakhale mlembi wa zilembo. Chimene anachikonda ali ndi zaka 17 kapena 18 chinangokhala phee mpaka chinapeza pogwira mu ntchito ina.

Amene luso la zilembo linali ntchito ya moyo wake wonse ndi Palladino. Reed College inathetsa phunziro lake mu 1984, chaka chomwe Macintosh inatuluka. Iye anapitiriza kuphunzitsa m'malo ena, anadzozedwa unsembe wa Chikatolika mu 1995, ndipo anamwalira mu February 2016.